Madisiki Awiri a Malemu

"Kompyuta imeneyi ibwerere kwa eni ake, bambo a ana. Ine ndatopa kuyenda chowerama mumsewu ngati ndine ndinakaitenga."

Mkazi wa Wometa ananena izi ataima pakhomo la chipinda chochezera, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi, chifukwa anali atangoweruka kosoka. Wometa sanacheuke n'komwe. Anali atagwada pansi pa tebulo, akuzula ndi kulowetsanso chingwe cha magetsi kachisanu, ngati kuti kompyutayo imumvera chisoni n'kuyaka.

Anayankha ali pansi pa tebulo pomwepo kuti palibe chimene iye anaba. Malemu anali mng'ono wake, bere limodzi. Amene anamuphunzitsa kupalasa njinga anali iyeyo, amene anamumeta ulere zaka makumi awiri anali iyeyo. Ndiye lero katundu wa mng'ono wakeyo atsale m'manja mwa mkazi woti mawa lomweli akwatiwa kwina?

Mkazi wake anaseka, koma kuseka kopanda mano. Anati mwezi sunathe n'komwe chiikireni malemu m'manda, koma iye wamupezera kale mlamu wake mwamuna wina. Kenaka anafotokoza chimene chinamubweretsa ndi mkwiyo. Anakumana ndi mayi wamasiyeyo pamalo okwerera basi. Mayiyo sanatukwane, sanalire, anapereka moni bwinobwino n'kufunsa za ana. Basi itafika, anamugwira dzanja.

"Anandiuza kuti, 'Makamera ndi mipando ndazisiya. Koma muwauze alamu asapite nayo kompyuta kwa wokonza aliyense. M'kati muja muli mawu a malemu.' Mwamva, bambo a ana? Mawu a mng'ono wanu."

Wometa anali atamva, ndipo anazidziwa kale. Malemu anali wojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati. Matenda atamupanikiza, ataona kuti sadzukanso, ankakhala kutsogolo kwa kamera yake yomwe n'kumalankhula mawu otsazika. Pabanja ponse ankadziwa zimenezi. Mayi awo, amene anagwira ntchito yokolopa m'chipatala mpaka msana kupindika, ankafunsa tsiku ndi tsiku kuti adzawamva liti mawu a mwana wawo.

Chimene Wometa sankafuna kukumbukira ndi mmene kompyutayo inafikira m'nyumba mwake. Patangopita masiku atatu maliro ataikidwa, anapita ku nyumba ya malemu ndi galimoto yobwereka. Anakweza makamera, magetsi ojambulira, mipando, kompyuta, ndi kabokosi kakuda ka chingwe kamene kanali pambali pake. Mlamu wake anaima pakhomo, kamtsikana kake ka zaka zisanu ndi chimodzi katamugwira siketi, n'kupempha kuti amupatse ola limodzi lokha akopere zinthu zina. Wometa anamuyankha kuti amuna akamalongosola za pabanja, akazi amakhala chete. Pa tsikulo mawuwo anamveka aulemerero m'kamwa mwake. Tsopano akawakumbukira, makutu ankamutentha.

Kunena zoona, bambo ameneyu sanali wouma mtima chibadwire. Vuto lake linali limodzi: mawu oti "sindikudziwa" kapena "ndalakwa" sankatuluka, ngakhale mutamukanyanga pakhosi. Maganizo ake anali oti aike kompyutayo mu shopu yake yometera kuti anthu odikira mzere aziwalowetsera nyimbo m'mafoni. Koma poopa pakamwa pa anthu, anaibisa kaye pansi pa bedi sabata ziwiri zathunthu, yosalumikiza ku magetsi. Lero poitulutsa, inkangolira fani yokha. Pa sikirini yakuda pankabwera kamzere koyera ka Chingerezi konena kuti palibe disiki yoyambira, basi.

"Mwaiona? Nayonso yakukanani," anatero mkazi wake, n'kulowa kukhitchini.

M'mawa mwake Wometa anaikulunga kompyutayo m'thumba, kabokosi kakuda kaja n'kukaponya momwemo, ndipo anadzera njira ya kuseri kwa magalaja kuti asakumane ndi omudziwa. Munthu wonyamula katundu wakewake sadzera kuseri kwa magalaja, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Anangodziuza kuti njirayo ndi yachidule.

Wokonza makompyuta wa m'deralo anthu ankamutcha Fomati, chifukwa matenda alionse a kompyuta iye mankhwala ake anali amodzi: kufufuta zonse n'kuyambiranso. Anali bambo wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi waya, ndipo kashopu kake kanali kopapatiza, pakati pa wodula makiyi ndi wogulitsa penti. M'mashelefu munali masikirini akufa ounjikana, ndipo munkanunkha waya wopserera. Fomati anatsegula chivundikiro, anauzira fumbi, n'kuloza ndi sikuludiraiva kabatire kozungulira ngati batani la jekete. Anati kameneko ndiko kamakumbutsa kompyuta tsiku ndi zina zonse ikakhala yozima, ndipo katha mphamvu. Anakasintha. Kenaka anayatsa kompyutayo pogwiritsa ntchito kafulashi kake, n'kuyang'ana madisiki.

Munali madisiki awiri ofanana ndendende. Fomati anati onse awiri akuoneka achilendo, palibe chowerengeka chilichonse. Wometa anafunsa motsitsa mawu ngati mulibe mavidiyo. Fomati anamutembenuzira sikirini kuti adzionere yekha, ngati kuti munthu wa lezala ndi sizasi akanatolapo kanthu pa manambala amenewo.

Apa ndi pamene Wometa anamva chinthu chimene amachita nacho manyazi mpaka lero: mtima wake unapepuka. Ngati mulibe kanthu, ndiye kuti mlamu wake ankanama pofuna kuti katundu abwerere. Kapena zinthuzo zinafa zokha, popanda dzanja lake. Mulimonsemo iye analibe mlandu.

Koma Fomati, ngakhale anali wachangu pofufuta, anaima kaye. Anavula magalasi n'kunena kuti kompyuta ya madisiki awiri ofanana chonchi sanaionepo kawirikawiri, ndipo mwina pali mmene anaikonzera amene ankaigwiritsa ntchito.

"Mwini wake alipo kuti timufunse kaye, akulu?"

Foni inali m'thumba la malaya, ndipo nambala ya mlamu wake inali momwemo. Wometa anaimva kulemera kwake pachifuwa. Anaona m'maganizo mwake mayi uja akulowa m'kashopumo, akumuyang'ana, wodula makiyi akusuzumira.

"Mwini wake ndine. Pitirizani," anatero.

Fomati anapitiriza. Anafufuta disiki yoyamba n'kuikamo zonse zatsopano, yachiwiri anaisiya kuti adzaione tsiku lina. Kabokosi kakuda kaja anakalumikiza pa bowo lake kumbuyo kwa kompyuta. Kanayatsa kagetsi kobiriwira, kanalira pang'ono m'kati, koma pa sikirini sipanaoneke kanthu. Fomati anakagwedeza pafupi ndi khutu n'kugamula kuti kanafa kalekale.

Kwa sabata ziwiri shopu ya Wometa inali pa chimake. Anagula masipika awiri, anadzaza nyimbo ndi mafilimu mu disiki yofufutidwa ija mpaka pakamwa, ndipo anthu ankabwera ndi mafoni awo ngakhale tsitsi lili lalifupi. Kamera imodzi anabwereketsa mnzake wina wokonda kujambula mpira wa m'bwalo la pasukulu. Kabokosi kakuda kanapeza ntchito yotchinga windo kuti mphepo isamalimenyetse. Kunyumba mkazi wake ankamuikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Mayi ake akaimba foni, ankawauza kuti kompyuta ikadali kokonzedwa.

Lachitatu lina kunabwera dalaivala wa basi, kasitomala wa kalekale, munthu wa pakamwa posatseka. Atakhala pa mpando, nsalu ili m'khosi, anayang'ana pa galasi n'kuona kompyuta ili kumbuyo kwake. M'mbali mwa kompyutayo munali tinyenyezi ta pepala tonyezimira, tomatidwa mokhotakhota ndi dzanja la mwana.

Dalaivalayo anati kompyuta imeneyo akuidziwa. Anakhalapo pafupi nayo tsiku lonse akusankha zithunzi za ukwati wa mchemwali wake. Ndipo anayamba kuyamikira, osati malemu, koma mkazi wa malemu. Anati malemu ankangodziwa kugwira kamera ndi kuseketsa anthu kuti amwetulire. Koma kudula mavidiyo, kulumikiza, kuika nyimbo, ngakhale kutsegula kompyutayo ndi sikuludiraiva ikavuta, zonsezo anali mayi uja. Malemu mwini wake ankanena moseka kuti iye pa makinawo ndi mlendo.

"Ndiye mayi aja akugwirira chiyani ntchito masiku ano?" anafunsa dalaivala.

M'shopu munali anthu anayi odikira, ndipo onse anapeza chochita m'mafoni awo. Makina ometera anaterereka m'dzanja la Wometa n'kusiya kanjira koyera pamwamba pa khutu la dalaivala. Pa zaka zonse za ntchito yake anali asanalakwitsepo chonchi. Anachita kumumeta mpala munthu amene anangofuna kuchepetsa m'mbali.

Kuyambira tsiku limenelo nyimbo zija zinayamba kumunyansa. Ankatsitsa voliyumu, kenaka n'kuikwezanso poona kuti kukakhala zii anthu amamuyang'ana kwambiri. Tinyenyezi tija anayesa kutimatula ndi chikhadabo, koma kamodzi katang'ambika pakati, anasiya. Kawiri konse anatulutsa foni kuti amuimbire mlamu wake. Kawiri konse anaibweza, poganiza kuti ayamba ndi mawu otani.

Sanafunikire kuyamba iye. Loweruka m'mawa, akusesa tsitsi la dzulo, anaona mayi ake akulowa ndi ndodo yawo, mlamu wake ali pambuyo atagwira mwana, ndipo mkazi wake yemwe akutsekera mzere, tepi ili m'khosi. Mayi ake sanapereke moni. Anapita molunjika pa mpando wometera, anakhala, n'kuika ndodo pamiyendo.

"Iwe, akuti kompyuta inachira, ikuimba nyimbo. Ine pano sindidzuka mpaka ndimve mwana wanga."

Makasitomala awiri amene anali pa benchi anadzuka mwaulemu n'kukaima panja, koma pafupi ndi windo, poti nkhani ngati imeneyi munthu saisiya. Wometa anayamba kufotokoza, maso ali pa tsache. Anati kompyutayo inabwera yakufa kale, wokonza anapeza kuti mulibe chilichonse, ndipo iye anangoipulumutsa kuti isawonongeke. Ankalankhula mawu ambiri, ndipo ankadzimva yekha kuti akuchuluka.

Mlamu wake anadikira mpaka amalize. Anali ataonda, ndipo diresi lakuda linkamukhuthukira m'mapewa.

"Alamu, ndingaigwire?"

Funso limeneli linamupweteka kuposa kutukwanidwa. Mayiyu ankapempha chilolezo chogwira chinthu chimene anachimanga ndi manja ake. Wometa anangosuntha n'kumukokera sitului.

Mayiyo anazimitsa nyimbo, anazimitsa kompyuta, n'kuiyatsanso uku akudinadina batani limodzi pa kiyibodi. M'malo mwa zithunzi zozolowereka, panabwera sikirini yotuwa ya mizere yokhayokha. Anawauza apongozi ake mokweza pang'ono, poti makutu awo anali atayamba kuvuta, kuti kumeneku ndi kuchipinda cha m'kati kwa kompyuta, kumene imauzidwa mmene izigwirira ntchito isanayambe china chilichonse. Anafotokoza kuti mavidiyo a ukwati ndi olemera, ndiye kuti ntchito izithamanga, iye anamanga madisiki awiri aja kuti azigwira ntchito ngati imodzi. Chilichonse chosungidwa chinkadulidwa tizidutswa, aka kupita mu disiki iyi, kotsatira mu inayo. Zinali ngati kalata yolembedwa mzere umodzi pa pepala ili, mzere wotsatira pa pepala linalo. Ukakhala ndi mapepala onse awiri umawerenga bwinobwino. Ukakhala ndi limodzi, palibe chomveka.

Kabatire kaja katatha, kompyuta inangoiwala kuti madisikiwo ndi amodzi. N'chifukwa chake inakana kuyaka, ndipo n'chifukwa chake wokonza anaona ngati mulibe kanthu. Anasuntha kamzere kowala ndi mabatani a mivi mpaka pa mawu ena, anadina, n'kusankha zilembo zinayi: RAID.

"Chinkafunika ndi ichi chokha. Kusintha apa, kusunga, basi. Mphindi ziwiri," anatero, osayang'ana aliyense.

Kompyuta inazima n'kuyakanso. Panabwera mizere ina pa sikirini yakuda, ndipo mayiyo anadina batani kuti iime. Panali mayina a madisiki awiri. Pafupi ndi imodzi panali mawu obiriwira. Pamwamba pake panali liwu limodzi lofiira. Analiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Mwana wake anamukoka diresi kufunsa ngati adadi abwera tsopano pa sikirini.

"Disiki imodzi munaifufuta," anatero mayiyo.

Wometa anati anafufuta Fomati. Mkazi wake anatsokomola pakhomo, ndipo iye anakonza yekha mawu ake, kuti Fomati anafunsa kaye, koma iye ndi amene analamula. Anafunsa ngati palibe njira yobwezera. Mlamu wake anafunsa kuti anaikamo nyimbo zochuluka bwanji. Atamva kuti disiki inadzaza, anapukusa mutu. Anati nyimbozo zinalembedwa pamwamba pa zimene zinalimo, ndipo theka lotsala mu disiki inayo ndi tizidutswa tosalumikizika. Maukwati asanu ndi awiri osamalizidwa, zithunzi za mwana kuyambira tsiku lobadwa, zonse zinali mmenemo.

Mayi ake a Wometa sanamvetse za tizidutswa, koma nkhope ya mpongozi wawo anaiwerenga. Anayamba kugwedeza mutu pang'onopang'ono. Wometa akanakonda akanamumenya ndi ndodo ija. Anaima pakati pa shopu yake, tsache lili m'manja, akuona nkhope yake m'magalasi atatu nthawi imodzi, ndipo panalibe koyang'ana koti asadzione.

"Panali kabokosi kakuda. Kali kuti?" anafunsa mlamu wake mwadzidzidzi.

Wometa analoza pa windo. Makasitomala aja anabwerera m'mbuyo pamene mayiyo anakatenga. Kanali katadzaza tinyenyeswa ta tsitsi, ndipo pamwamba pake panali chizindikiro cha kapu ya tiyi. Anakapukuta ndi mpango wake mosamala, ngati akupukuta nkhope ya mwana. Wometa ananena chapansipansi kuti wokonza anati kanafa. Mayiyo anayankha kuti mwina tsopano kafadi, pokhala padzuwa ndi pamvula, koma tsiku limene ankakatenga kanali kamoyo. Anati imeneyo ndi disiki yakunja, yosungirako zinthu kachiwiri, ndipo bowo lake la kumbuyo limachita kutsegulidwa kuchipinda cha m'kati komwe kuja. Kabatire katatha, nalonso linadzitseka.

Analowanso pa sikirini yotuwa ija. Anabwezera kamzere ka RAID momwe anakapezera kuti kompyuta ithe kuyaka ndi zimene Fomati anaikamo. Kenaka anatsika mizere itatu, pamene panalembedwa dzina la bowo lakunja, n'kulitsegula. Analumikiza kabokosi, anayatsa, ndipo onse anadikira. Kagetsi kobiriwira kanaphethira. M'kati munamveka kulira ngati kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kenaka pa sikirini panatulukira kachithunzi katsopano.

Mayiyo anadina kachithunziko. Maukwati analimo. Zithunzi za mwana zinalimo. Anatsegula foda yolembedwa kuti "Mawu", anadina dzina loyamba, ndipo masipika amene Wometa anagulira nyimbo analankhula ndi mawu a mng'ono wake.

Malemu anali atakhala pa bedi, atatsamira mapilo awiri, atavala malaya ake a kolala amene ankavala kokajambula. Anali atatha, koma maso anali omwe aja. Anayamba ndi kuseka, kuwauza mayi ake kuti asalire poonera chifukwa misozi imawononga kiyibodi. Anawathokoza chifukwa cha zaka zimene anakolopa m'chipatala kuti iye aphunzire. Anawakumbutsa kuti azimwa mankhwala a miyendo, asamagawire anzawo. Mayi ake ankayankha chilichonse ngati ali naye pamaso, "Ndamva, mwanawe, ndamva," misozi ikutsikira pa nsalu yometera imene anaikoka kuti apukutire. Kamtsikana kanapita kukagwira sikirini ndi zala zonse zisanu.

Chakumapeto malemu anatsokomola, anamwa madzi, n'kunena kuti:

"Achimwene musawadandaule kuti sakubwera. Ndimawadziwa, amaopa kuona munthu akudwala, kuyambira nthawi ya bambo ija. Awo mawu awo ndawasungira padera. Ndiwadikira kaye, mwina abwera ndiwauze pamaso. Akapanda kubwera, ndiwajambulira."

Vidiyo inatha. M'shopu munangomveka fani ya kompyuta.

Wometa anakumbukira masabata amenewo. Mawa, ankatero, mawa ndipita, lero kwachuluka anthu. Nyumba ya mng'ono wake inali ulendo wa basi imodzi. Anasendera pafupi ndi sikirini n'kuwerenga mayina a m'fodamo. Panalembedwa "Amayi". Panalembedwa "Mwana wanga". Panalembedwa "Mkazi wanga". Anawerenganso kuyambira pamwamba, ngati kuti lachinayi labisala pakati.

"Alamu, sanajambule?"

"Anajambula. Anakudikirani mpaka Lachinayi, ndipo Lachinayi masana anati ndimuikire kamera. Ndinakopera mu kompyuta tsiku lomwelo. Mu kabokosika ndimakopera Loweruka lililonse, koma Lachisanu anatisiya, ndipo Loweruka limenelo mukudziwa kumene tinali. Ola limene ndinakupemphani lija linali la zimenezo."

Wometa anafunsa za kakhadi ka mu kamera, mawu akutuluka mothamanga. Mayiyo anati kanatsala mu kamera yaikulu. Asanamalize, Wometa anali ataimba kale foni kwa mnzake wa mpira uja. Mnzakeyo anayankha mosangalala kuti kamera ikugwira bwino kwambiri. Kakhadi anakapeza kodzaza, ndiye anakafufuta tsiku loyamba lomwelo, ndipo wajambulirapo masewero anayi.

Wometa anaika foni pa shelefu, pakati pa zipeso ndi botolo la sipiriti. Anafunsa mlamu wake chifukwa chake sanamuuze kuti munalinso mawu opita kwa iye. Mlamu wake anamuyang'ana m'maso koyamba chilowereni.

"Munandiuza kuti ndikhale chete. Ndipo ndikanakuuzani, mukanati ndi machenjera a mkazi wofuna katundu."

Ndi zimene akananenadi. Anakhala pa benchi ya makasitomala, malo amene anali asanakhalepo m'shopu yakeyo. Manyazi anali atamufika m'mafupa, moti sanasamalenso za anthu a pa windo, amene tsopano anali asanu ndi mmodzi.

"Ndalakwa, alamu. Ndakulakwirani inu, ndamulakwira mwanayu. Koma ndiuzeni chabe. Anati chiyani?"

"Sindikudziwa. Anandiuza kuti ndituluke, nditseke chitseko, poti zinali za inu awiri. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Ndili kukhitchini ndinamumva akuseka kawiri. Nditalowa ndinapeza pilo yanyowa. Sindinaitsegule vidiyoyo, inali yanu."

Mayi ake anatsika pa mpando wometera mothandizidwa ndi mkazi wa Wometa. Podutsa pa benchi anaima, ndipo iye anaweramitsa mutu kudikira mawu awo, amene ankadziwika kuti amabaya. Anangomuchotsa kanyenyeswa ka tsitsi paphewa, n'kutuluka.

Masana omwewo Wometa anatseka shopu, Loweruka, tsiku la makasitomala ambiri. Ananyamula kompyuta paphewa, yosakulunga, tinyenyezi tili poyera, n'kudzera mumsewu waukulu mpaka pokwerera basi. Wodula makiyi anamuona, wogulitsa penti anamuona, ndipo dalaivala wa mpala uja ndi amene anamutsegulira chitseko cha basi osamufunsa kanthu. Anayenda maulendo atatu. Wachiwiri ananyamula magetsi ojambulira ndi makamera, wachitatu mipando.

Atatsitsa mpando womaliza, anapeza mlamu wake atatsegula kale kompyuta pa tebulo lake lakale, sikuludiraiva ili m'manja. Mwana anali akuonera vidiyo yake pa foni kachitatu, akubwereza mawu a bambo ake asanawanene. Mayiyo anamasula disiki yachiwiri, ija Fomati sanaikhudze, anaikulunga m'pepala n'kumupatsa. Wometa anabweza manja kumbuyo, n'kunena kuti satenganso kalikonse m'nyumba imeneyo.

"Iyi yokha tengani. Ine ndigula ina, iyi sindingathe kuifufuta. Theka la mawu anu lili mmenemu."

Disikiyo ili mu dirowa ya m'shopu, pansi pa malezala. Wometa anapita nayo kwa okonza atatu a m'tauni, odziwa kuposa Fomati, ndipo onse anamuuza chimodzimodzi. Nyimbo anasiya kuika, masipika anapatsa mwana wa malemu uja kuti azimvera bwino bambo ake. Makasitomala amati masiku ano amameta mwakachetechete. Shopu ikakhala yopanda munthu, amatsegula dirowa, amaitenga disiki ija n'kuikhazika pa ntchafu. Ndi yolemera ngati sopo wochapira watsopano, ndipo ndi yozizira. Amakhala nayo choncho, akuyesa kuganiza kuti ndi nkhani ziti ziwiri zimene zinamuseketsa mng'ono wake.